Adyo Amene Anapha Minda Inayi

Panali munthu wina kuchigwa cha Huon, kutsidya kwa nyanja, dzina lake Graeme Tuckett, amene ankatchuka ndi adyo. Pakamunda ka kuseri kwa nyumba yake ankakolola mitu ikuluikulu ngati chibakera, ndipo zaka zisanu zotsatizana mphoto ya pachionetsero cha zaulimi inkagwera iye.

Chaka china pokolola mu Disembala, anapeza mitu ina itawola kumizu, itachita chuku choyera ndi timadontho takuda. Ankawadziwa matendawo: akalowa m'dothi, sachoka msanga.

Mkazi wake Noeline atawona anati, "Bambo, uyu mumutenthe yense. Ndipo aneba muwauze."

"Ndiwauze kuti azindiseka? Iwe, pakamwa pakopo utseke."

Anasankha mitu yooneka bwino, naipachika m'shedi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mu Epulo, masamba a maapozi atayamba kuyoyoka, nthawi yobzala adyo inakwana. Pageti panafika Mele Fonua, mayi wamasiye wochokera kuzilumba za Tonga. Mayiyu anathyola maapozi m'minda ya eni zaka makumi awiri ndi zisanu kuti agule kamalo kakekake. Tsopano anali atalima mizere yake, atathira manyowa a nkhosa, ndipo anabwera kudzatenga mbewu imene Graeme anamulonjeza kalekale.

"A Graeme, ndabwera ku lonjezo lija. Kapena mwayamba kuwopa kuti ndikulandani mphoto?" anatero akuseka.

Graeme anaganiza zokana. Koma akakana afunsidwa chifukwa, ndipo chifukwacho ndicho sankafuna chimveke. Analowa m'shedi n'kudzaza thumba.

"Mayi, mbewu iyi ndi yachimuna. Mukangoiponya pansi, yokha idziwa chochita."

Noeline anaima pakhomo akumuyang'ana. Graeme anayang'ana kumbali. Mumtima ankadzinyenga kuti mwina mitu imeneyi ndi yabwinobwino.

Mele sankadziwa kudya yekha. Anagawirako mabanja atatu a kutchalitchi kwawo, ndipo onse anabzala chisanu chisanagwe. Adyo anamera bwino. Mele akadutsa pamsewu ankaimitsa galimoto n'kukuwa, "A Graeme, Mulungu akudalitseni!" Iye ankangokweza dzanja.

Pofika Okutobala masamba anayamba kuchita chikasu. Ukakoka tsinde, linkangozuka lopanda mizu, likununkha. Mlangizi wa zaulimi atabwera anapukusa mutu. Anati dothi limenelo lisawonenso adyo kapena anyezi kwa zaka mwina makumi awiri. Minda yonse inayi.

Mele anapita kwa Graeme ndi mutu umodzi wowola m'manja. Sanapite kukakangana. Anapita kukamuchenjeza.

"A Graeme, fukulani wanu muwone. Ndikuwopa kuti mwina ndine ndinabweretsa matendawa kwanu ndi nsapato zanga. Mundikhululukire."

Graeme anatsokomola. Khomo lothawira linali litatseguka lokha, ndipo munthu wopanda manyaziyo analowamo.

"Eya, mwina ndi manyowa munagula aja. Anthu inu simufunsa musanachite zinthu."

Apa Noeline analephera kupirira.

"Bodza! Mele, usapepese. Adyoyu anawola kuno chaka chatha. Ndinawauza kuti atenthe, anandikalipira. Anakupatsa akudziwa. Inenso ndinaima pompano osanena kanthu, ndipo manyazi ake andidya miyezi isanu ndi umodzi."

Mele anaika mutu wowolawo pansi, pamapazi a Graeme.

"Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Tandiuzani, bambo, zaka makumi awirizo ndikazitenga kuti?"



Tsiku lomwelo Noeline anayenda khomo ndi khomo kuulula zonse, kuti aliyense atsuke makasu ndi nsapato matenda asanafalikire. Palibe anamutengera Graeme kukhoti. Palibenso anamutukwana. Koma mpaka lero, akafika pageti la munthu aliyense m'chigwamo, geti silitsegulidwa. Amalankhula naye ali panja, mwini munda atagwira loko.

Phunziro: Vuto lako ukalibisa kuti dzina lako lisade, umalisandutsa vuto la anthu osalakwa. Kunena kuti "zanga zawonongeka" kumawawa tsiku limodzi, koma chinyengo chimawononga thukuta la mnzako la moyo wonse. Ndipo iwe woona choipa n'kukhala chete, usadikire kuti munda wa mnzako uwole kaye. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja amene mumagawana nawo mbewu.