Filimu Yakale ya a Sakala

"Usathamangile filimu yatsopanoyo, Rita," anatelo amuna anga, a Sakala, pouza mdzukulu wathu. "Anangoibweleza. Yamba waonela yakale, yeniyeniyo."

Rita anaipeza pa foni, naiimika pa thumba la nshawa. Ine ndinamuchenjeza monga mwa masiku onse kuti zinthu izi zimapha maso, ndipo ambili a m'katimo anafa kale. Munthu sayang'anana ndi akufa.

Nyimbo itangoyamba, a Sakala anaseka ngati mnyamata.

"Iyi tinaionela pa nsalu ku Petauke, ine ndi ambuya ako awa. Njoka itatulukila, anakuwa n'kundigwila dzanja. Sanalisiye mpaka kunyumba!"

"Ambuya, inu?" anatelo Rita.

Ine filimu sindinaonelepo chibadwile. Nanga anakuwayo anali ndani?

A Sakala anazindikila kulakwitsa kwawo mau atatuluka kale. Anayamba kufunafuna chipewa chimene chinali kumutu kwawo.

Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo, ngakhale ndinali kuopa akufa aja. Ndinawagwila dzanja, zikhadabo zonse zikulowa.

"Rita, kweza mau. Ndifuna ndione pamene ndinakuwila paja."