Netiweki Yavuta

Timizere ta netiweki tinali titadzaza tonse pafoni ya Gologolo. Anaima kunja kwa mpanda wa amayi ake, ovolosi ikadali m'thupi, akusuzumira pampata wa geti. Nsanja yatsopano inkaoneka bwinobwino pamwamba pa madenga, kuseri kwa msika. Anaizika ndi manja ake, iye ndi anzake a kukampani ya mafoni, ndipo anaiyatsa m'mawa wa tsiku lomwelo. Dzina la Gologolo anamupatsa ndi anzake omwewo, poti pokwera zitsulo panalibe womuposa.

Pawindo ankawaona amayi ake atakhala pampando, akupinda nsalu ndi singano, kafoni kawo kamabatani kali pamiyendo. Anaimba. Kafoni kananjenjemera, mayi aja n'kukatola, kuyang'ana dzina, kukaika kukhutu.

"Halo! Halo! Sindikukumva mwanawe, netiweki yavuta!" Basi, n'kudula.

Gologolo anatsitsa foni. Mawu amenewa ankawadziwa bwino, chifukwa anayamba kuwanena ndi iyeyo. Bambo ake atamwalira, iye anali kutali kumapiri, akuzika nsanja kudera kumene foni inali isanalireko chiyambire. Achibale anaimba mpaka zala kuwawa. Uthenga unamupeza maliro ataikidwa kale. Atafika kunyumba anagwada pamaso pa amayi ake, mutu uli pansi, n'kunena chilungamo chokhachokha: "Amayi, pepani, netiweki inavuta." Amayi sanayankhe kanthu. Anangomuyang'ana.

Kuyambira pamenepo, manyazi anamumanga miyendo. Kubwera kudzawaona ankangoti mawa, mawa, akumanamizira ntchito. Chomwe ankatha ndi kuimba foni, koma yankho linkakhala lomwelo. Poyamba ankakhulupirira, poti dera limenelo linalidi lovuta. Anthu ankachita kukwera pa makileti, mkono uli m'mwamba, kusaka kamzere kamodzi. Choncho anawatopetsa mabwana ake. Msonkhano uliwonse iye nkhani inali yomweyo, yoti kwawo kuikidwe nsanja, mpaka anzake ankamuseka kuti akufuna kudzaimira ukhansala.

Dziko linali litasintha iye akuona. Ana asukulu ankawerengera pafoni, amalonda ankaitanitsa katundu ali khale pabenchi, agogo ankacheza ndi zidzukulu zakunja akuonana nkhope. Mawaya ambiri a zimenezi anakoka ndi iyeyo. Ankalumikiza anthu osawadziwa n'komwe, koma mawu ake ankalephera kufika kwa mayi womubereka. Zimenezi zinkamudya mumtima, ndipo sankauza munthu.

Tsopano chonamizira chinali chitatha. Anayang'ananso timizere tija, n'kuimba kachiwiri, maso ali pawindo.

"Amayi, ndine. Musadule chonde, ndili..."

"Halo! Aaa, netiweki yomweyi! Udzaimbenso mwanawe!"

Anawaona akubweza kafoni pamiyendo, n'kupitiriza kusoka ngati palibe chachitika. Apa ndiye anatsimikiza. Vuto silinali la nsanja. Amayi ankamubwezera mawu ake omwe, pang'onopang'ono, kuti amve mmene amawawira.

Anakankha geti. Anagogoda pachitseko, koma kunali zii. Chinali chosakhoma, ndiye anangolowa n'kuima kumbuyo kwa mpando wawo. M'nyumba munali bata. Jekete la bambo ake linali likadali pamsomali pomwe ankalikoleka.

"Amayi, ndabwera."

Singano inapitiriza kulowa ndi kutuluka.

"Amayi, netiweki ili bwinobwino. Nsanja ija ndaimanga ndine, chifukwa cha inu. Ndinali pageti pomwepa, ndakuonani mukudula."

Sanatembenuke ngakhale pang'ono. Kulalatiridwa Gologolo akanapirira, ngakhale mbama akanailandira ndi manja awiri. Koma kuonetsedwa msana chonchi, ngati wokhometsa msonkho, kunamupweteka kuposa zonse. Mawu amene anawasunga nthawi yaitali anayamba kutuluka okha.

"Mukuganiza kuti ine sizindiwawa? Anali bambo anga! Ndikakwera pamwamba paja ndimawaganiza mpaka manja kunjenjemera. Ndinalakwa, inde, koma mundilanga mpaka liti? Ngati simukundiwerenganso ngati mwana wanu, ingonenani pakamwa, Amayi. Ndituluka, ndipo pano sindidzapondanso."

Anadikira. Misozi inatsika mpaka pakolala ya ovolosi, bambo wamkulu wandevu zake. Amayi anadula ulusi ndi mano, n'kutambasula nsalu kuti aone ngati mpendero wawongoka.

Yankho linali limenelo. Anapukuta kumaso ndi mkono, n'kutembenuka kuti azipita. Podutsa pakhomo, chithunzithunzi chake chinagwera pansalu ija. Amayi anadzidzimuka mpaka singano kugwa. Atacheuka, nkhope yonse inawala.

"Mayo ine, mwana wanga! Walowa nthawi yanji?" anafuula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu. Anamugwira masaya ndi manja onse awiri, maso awo ali pamilomo yake. "Uzindiyang'ana ukamalankhula, bambo. Makutuwa anatseka abambo ako asanamwalire n'komwe. Ndimangonamizira netiweki, kuopa kuti ungamakwere zitsulo zako zija mtima uli kuno, n'kugwa. Tsono umati chiyani?"