Dzanja Lotsalira pa Chithunzi

Sizasi inadutsa pakati pa chithunzi, pulezidenti wakale n'kugwera pansi chafufumimba.

Mayi anaima pakhomo la pabalaza, manja m'chiuno, akuyang'ana amuna awo. Zaka zonsezi mlendo sankapatsidwa mpando asanaonetsedwe chithunzichi, bambo akugwirana chanza ndi mtsogoleri. Lero kukubwera a chipani chatsopano.

"Taonani, mayi. Sakuonekanso, eti?"

Mayi anasuzumira. Bambo anatsala okha pachithunzipo, mano onse pamtunda, koma m'dzanja mwawo munatsalira dzanja la eni ake, lodukira pa wotchi.

"Nanga ili ndilichotsa bwanji osadzidula ndekha?" anadandaula bambo.

Mayi anatsonya.

"Lisiyeni. Pa munthu yense uja, chimene munkakonda inu ndi dzanja lomwelo."