Pemphero la Apampando

"Mtsogoleri wokakamira mpando ndi Sauli," anatero apampando a gulu lophunzira Baibulo, akumenya tebulo. "Andalewa akufuna kusintha malamulo a dziko kuti afere pampando. Manyazi alibe."

Onse anagwedeza mitu. Kenaka mayi wina, telala amene ankaufuna mpandowo, anakweza dzanja.

"Abambo, malamulo a gulu lathu nawonso amati wapampando asapitirire zaka ziwiri. Zanu zinatha kalekale. Munalonjeza kuti chisankho ndi lero."

"Zoona, mlongo. Lamulolo ndinalemba ndine. Koma tingavote osapemphera?"

Onse anatsinzina. Apampando anayambira kwa Adamu. Pofika kwa Mose, anamwino anazemba kukayamba ntchito. Pa Yobu, aphunzitsi anathamangira minibasi. Mayi telala anapirira mpaka kwa Malaki, pamene foni inawauza kuti mwini diresi la ukwati akudikira pakhomo.

Pomwe "Amen" ankamveka, munali mutatsala akazi a apampandowo ndi alamu awo.

"Tivote tsopano. Ofuna ine akweze dzanja."

Akazi awo anadzidzimuka kutulo, nkudziongola, manja onse m'mwamba.

"Mavoti awiri amenewo," anatero alamu.