Mabotolo a Ulusi Wofiira

Mabotolo khumi ndi awiri a thobwa anali ndandanda patebulo, ndipo mlendo anali atalawa kale asanu ndi awiri. Goodwin Mhango anaima pambali pake, thukuta likunyowetsa kolala ya shati yake ya kutchalitchi.

Kwa zaka zinayi Goodwin anali akuweta tizilombo. Anzake ku Kawale ankaweta nkhuku ndi nkhunda, iye ankaweta tosaoneka ndi maso, ta m'kabotolo, timene timatulutsa madzi opha tizilombo tina tosasitsa chakudya. Atamuchotsa ntchito ku labotale mu 1994, anatuluka ndi kabotolo kameneka m'thumba la jekete. Kankakhala m'firiji kuseri kwa matimati, ndipo ankakadyetsa shuga ngakhale mwezi umene ana ankamwa tiyi wopanda shuga. Aneba anam'patsa dzina loti Dokotala wa Thobwa, ndipo silinali dzina laulemu.

Mlendoyo, bambo Leston, anachokera ku kampani ina yopanga zakumwa. Analonjeza kuti thobwa likatha sabata yathunthu osasasa pa kutentha kwa Okutobala, Goodwin amulemba ntchito. Ndiye Goodwin anatenga thobwa la mkazi wake Tamara, lomwe ankagulitsa pamsika, n'kulithira m'mabotolo. Mu asanu ndi limodzi anadonthezamo madzi a tizilombo take. Enawo anawasiya osathira kanthu, n'kuwamanga ulusi wofiira pakhosi, kuti asase okha, kusiyana kuonekere poyera. Tamara atafunsa za ulusiwo, anamuyankha monga ankayankhira masiku onse.

"Izi ndi za sukulu, mayi a Thumbiko. Inu ingophikani thobwa, mukudziwa kuti kukubwera bwana."

Tsopano bambo Leston analawa botolo lomaliza, napukuta pakamwa ndi mpango.

"Achimwene, onsewa ndi otsekemera. Othira, osathira, chimodzimodzi. Ndiye mankhwala anuwa ntchito yake ndi chiyani?"

Goodwin anatenga limodzi la ulusi wofiira n'kulawa yekha. Linali lokoma bwinobwino. Analawa lina. Lokomanso.

"Mwina m'chipindamu mumazizira, bwana."

"Mu Okutobala? Chimene ndaona n'chakuti akazi anu amadziwa kuphika, basi. Ine ndangotaya petulo."

Galimoto itachoka, fumbi lake linalowera pazenera. Goodwin anakhala pampando nthawi yaitali. Chimene chinamuwawa kwambiri si ntchito yothawayo ayi, koma kuti aneba aja ankanena zoona. Munthu wamkulu, wa ana atatu, zaka zinayi kumagwadira kabotolo kopanda ntchito! Anaganiza za shuga yense uja, mtima unamuwawa, ndipo anadzida.

Anatereka ketulo pambaula. Madzi atawira, anatulutsa kabotolo m'firiji, n'kuthiramo madziwo mpaka kusefukira. Anadikira pang'ono, popeza ankadziwa bwino nthawi imene tizilombo timatenga kuti tife, kenako anakhuthulira zonse m'ngalande ya kuseri kwa nyumba. Tizilombo ta mtundu umenewo sanasunge tina pena paliponse. Kope la zolemba zake analiponya pamakala, n'kuliyang'ana mpaka linatha.

Tamara anafika masana kuchokera kumsika, chidebe chopanda kanthu chili pamutu, nkhope ili mwee. Anaona mabotolo otsekula patebulo.

"Bwana aja abwera? Thobwa alikonda?"

"Alikonda."

"Mabotolo onse?"

"Onse," anatero Goodwin, maso ali pansi.

Tamara anatula chidebe, n'kupuma ngati munthu amene wapulumuka mlandu.

"Ambuye alemekezeke. Inetu a ulusi wofiira aja anandisowetsa mtendere, bambo a Thumbiko. Masiku awiri okha, asasa kale, thovu mpaka pachivindikiro. Ndiye ndimati bwana adzalawe zimenezo, azikanena kuti mkazi wa a Mhango sadziwa kuphika? Inu mukangotuluka, ndimakhuthula n'kuthiramo latsopano. Enawo ndiye sindinawakhudze n'komwe, sabata yonse sanasinthe."