Chala cha Agogo

Pa TV, mpongozi anagwira chala cha nkhalamba, n'kuchiviika mu inki, n'kuchidinda papepala. Pabalaza ponse panali phwete. Sewero la banja lokanganali ankalikonda onse, kupatula agogo.

"Musalole, mayi inu! Akulandani nyumba!" anakuwa agogo, akuloza nkhalamba ija.

"Ndi sewero chabe, amayi," anatero mpongozi wa agogowo akuseka. "Komatu agogo a mmenemowo ndi abwino, savuta ngati ena."

Agogo sanaseke. Maso awo anali pa envulopu imene mwana wawo anabwera nayo m'mawa, n'kuiphimba ndi rimoti. Kusukulu sanapondeko, koma kabokosi ka inki kamene kankasuzumira m'thumba la jekete lake anakazindikira.

"Amayi, likatha seweroli mundidindire kapepala," anatero mwanayo, osawayang'ana.

"Kawerenge mokweza, tonse timve."

"Ndi zambirimbiri, mungotopa nazo."

Agogo anafumbata zala zazikulu zonse ziwiri, n'kukhalira manja awo.

"Nyumba ino tinamanga ine ndi malemu bambo ako. Ngati ukufuna chala changa, uza mkazi wakoyu akatenge mpeni."