Dimba Lofufutidwa

Madzi ataphwa ku Bangula, bambo Sebastiano anaimika njinga pa ofesi ya alimi, thukuta lili kamukamu.

"Priska mwanangu, dimba langa ndinalifufuta ndekha pafoni Shire atalimiza. Ndimati lapita. Latulukanso, koma Fanizo woyandikana nane wasuntha malire."

Priska, amene anapanga pulogalamu yolembetsera minda, analemba dzina lawo pakompyuta. Dimba linatuluka m'nkhokwe ya pa intaneti lathunthu: kukula kwake, mbatata ya chaka chatha, mtengo wa mgwalangwa wosonyeza malire.

"Inu munadina pofufutira, bambo, koma pulogalamuyi ndinaikonza kuti izingolemba kuti 'lili m'madzi'. Ndinakulira konkuno ine. Shire amabwereka, salanda."

Bambowo anayang'anitsitsa mgwalangwa wawo pakompyutapo, nakhala pansi n'kupempha madzi akumwa.